Che Lawani

Mwezi wamawa tikumanga chiliza cha malume anga, poti chaka chakwana. Abale anandituma ine kuti ndilembe mawu oti mmisiri akazokote pamwalapo, ati ndine amene ndinakhalitsako pasukulu. Ndinalemba kuti Baranaba, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira, kenaka cholembera chinaima. Dzina limeneli ankalidziwa ndi ansembe a ku Malindi ndi buku la ubatizo basi. Kuyambira kugombe kwathu mpaka kuseri kwa waya wa ndende ya pa boma, munthuyu anali Che Lawani. Kufikira tsiku la maliro awo, anthu ankaganiza kuti ndi dzina lachipongwe chabe, la nkhalamba yosachedwa kuponya dzanja m'mbale. Ine ndinkadziwa kumene linachokera, chifukwa chakudya chimene chinawapatsa dzinali ndinaphika ndine.

Anali munthu wamfupi, wachifuwa chotambalala cha anthu okulira pankhafi. Dzanja lawo lamanja linkanjenjemera, ndipo mawu anali osasa ngati a munthu amene wachezera kuimba pamaliro. Lachiwiri ndi Loweruka lililonse ankamanga bakuli kumbuyo kwa njinga ndi mphira, n'kupalasa ulendo wonse wa ku boma, kuwoloka mlatho, mpaka pageti la ndende. Palibe anawatuma, palibe ankawalipira, ndipo mpingo sunawapatse ngakhale kolala. M'thumba ankatenga Baibulo lokulungidwa m'pepala la shuga, ndi sopo woduladula ndi ulusi wa ukonde, tizidutswa tofanana, kuti akaidi a mphere asalimbirane. Kulalikira sankatha. Ankawerenga ndi chala, liwu limodzi limodzi, mpaka akaidi odziwa kuwerenga ankawamalizira vesi, iwo n'kumathokoza ngati awathandiza kukankha bwato.

Lamulo la pageti ndi lakuti wobweretsa chakudya alawe kaye pamaso pa msilikali. Malume ankaima kumapeto kwa mzere nthawi zonse, njinga itatsamira pamtengo wa nimu, kulola amayi onse kuti atsogole. Akafika kutsogolo, msilikali asanatsegule pakamwa, iwo anali atatapa kale dzanja lodzaza n'kuponya m'kamwa. Mwezi wa Ramadani ankaphika futali wa mbatata kuti akaidi Achisilamu adzamasulire kusala kwawo, ndipo a mumpingo ankang'ung'udza kuti mtedza wa Akhristu ukupita kumzikiti. Iwo ankangoti njala sinabatizidwe. Mkaidi sankamufunsa chimene anapalamula. Ankati kusiyana kwa iwo ndi anthu a m'katimo ndi waya basi, ndipo amene sakukhulupirira adikire tsiku lake, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe.

Mulungu sankamutchula kuti Ambuye. Ankati Ambusanga, mawu a Chiyao amene anyamata amaitanirana pabawo, kapena kungoti mnzanga uja. Ukakumana nawo panjinga unkaganiza kuti anyamula munthu, chifukwa ankacheza mokweza njira yonse, kufunsa, kudikira yankho, kuseka, nthawi zina kukalipa. Chaka chimene mwera unamiza anyamata anayi a kugombe kwathu, anakhala sabata yathunthu osapemphera. Titawafunsa anati ayambana, ndipo wolakwa akudzidziwa. Katekisiti wathu anawadzudzula pabwalo la tchalitchi kuti Mulungu si mnzawo wa pabawo. Iwo anayankha kuti munthu amene anakuona ukusanza, utadziipitsira m'thalauza pakati pa anthu, koma osakuthawa, sungamutchule bwana. Katekisiti sanamve chimene ankatanthauza. Ine ndinamva, ndipo ndinachokapo.

Musaganize kuti ndikunena za nkhosa. Malume anabadwa ndi mtima wapachala ndipo anafa nawo. Ali mnyamata ankamenya anthu pamowa mpaka eni mowa ankabisa mipando akawaona. Mkazi wawo anathawira kwawo ndi diso lotupa, mwana ali kumbuyo, ndipo sanabwererenso. Zimenezi ankaziulula okha kwa akaidi, osakometsera. Atayamba kale za kundendezi, tsiku lina anaona nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, akulanda sopo wa munthu wodwala amene sankatha n'kuima komwe. Anasiya pemphero pakati, n'kumuwomba khofi limene linamveka mpaka kuofesi. Anawaletsa kulowa miyezi itatu. Miyezi yonseyo ankapitabe, kuima pansi pa nimu, kulawa, n'kupatsira amayi ena bakuli kuti alowetse.

Ankanyamulanso mauthenga. Mkaidi akafuna kupepesa kwa amene anawalakwira, malume ndiwo ankapita. Kwina ankawakhwizira agalu. Bambo wina wa kumtunda, amene mwana wake anabayidwa ndi mpeni pamsika, anawamenya ndi mpini wa khasu mpaka fupa la paphewa linathyoka. Atachira anabwerera kwa bambo yemweyo ndi uthenga womwewo, ati ulendo woyamba uja sanamalize kunena.

Zonsezi zinayamba ndi imfa ya mchimwene wanga Andireya, zaka makumi awiri zapitazo. Andireya anali siginala, amene amatsogola ndi nyali pabwato kukopa usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira. Ntchitoyi anamuphunzitsa ndi malume, ndipo ankamukonda kuposa mwana wobereka okha. Anali waluso koma wapakamwa. Sabata imeneyo gulu lina la asodzi linabwerera chimanjamanja masiku atatu otsatizana, ndipo linkati nyali za Andireya zikuwabera nsomba. M'gululo munali Fanuwelo, mnyamata wa kutsidya ku Nkhudzi, wopanda mayi, wopanda bambo, wogona pansi pa thandala loyanikira usipa.

Unali m'mawa, dzuwa litakwera kale, ine ndikuyanika nsomba chapafupi pomwepo. Andireya anatapa usipa dzanja limodzi n'kuponya pamapazi a Fanuwelo, akuseka, nati akadyetse mphaka. Anatembenuka kuti azipita. Fanuwelo anatola nkhafi n'kumutema nayo pankhongo, mbali yakuthwa. Andireya anagwa chafufumimba. Anamutemanso kachiwiri, kachitatu, ndipo kachitatuko phokoso lake linali la dzungu. Nditafika ndinavula chitenje kuti ndimange mutu, koma panalibe choti n'kumanga, zonse zinkangotuluka m'zala zanga. Miyendo yake inapalasa mchenga kwa kanthawi, kenaka inasiya.

Malume anafika akuthamanga, anayang'ana kamodzi, n'kutola nkhafi yomweyo. Fanuwelo anali atagwidwa kale manja ndi anthu. Malume anamumenya nayo pakamwa, mano n'kumwazika pamchenga ngati chimanga, nsagwada n'kulendewera. Ena anamuthira palafini wa m'nyali. Machesi anali atatuluka kale m'thumba pamene galimoto ya apolisi inafika, ndipo ine ndinawatukwana apolisiwo chifukwa chofulumira.

Titaika maliro, amayi anasiya kuyankhula. Ine ndiye ndinayankhula za anthu awiri. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, magazi a mwana wa mlongo wake amafunsidwa kwa iye, ndipo ndinkawakumbutsa zimenezi m'mawa ndi madzulo. Ndinkawauza kuti wakupha akudya nyemba za boma pamene Andireya akudyedwa ndi chiswe, ndipo ngati alephera andipatse thalauza, iwo avale chitenje. Patatha miyezi iwiri ndinagula tameki pamsika, mankhwala akuda aja ophera makoswe. Ndinaphika mpunga wofewa ndi kampango, nsomba yopanda minga yambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti munthu wake alibe mano. Ndinaphika bwino ndithu, ndi tomato ndi anyezi. Malume ananyamula bakulilo akudziwa chimene ndinathiramo.

Zimene zinachitika pageti ndinazimva pakamwa pawo ndi pa Che Amidu, msilikali amene anali pantchito tsikulo, Msilamu wa pa boma pomwepo. Malume anali asanapondeko kundende chibadwire. Analawirira, nakhala woyamba pamzere, choncho sanaone zimene anzawo amachita. Che Amidu anawafunsa kuti akufuna ndani, ndipo ndi ndani wake.

"Fanuwelo wa ku Nkhudzi. Ndine mjomba wake," anatero, kunama kuti ndi malume ake a wakuphayo.

Che Amidu anadabwa, poti mkaidiyo anali asanalandirepo mlendo, koma anatuma munthu kukamuitana. Kenaka anavundukula bakuli, nanunkhiza, nayamikira wophika, n'kulibweza kwa mwini wake.

"Lawani, achimwene."

Kumbuyo kunali kutadzaza amayi, maso onse ali pa iwo. Kukana kunali kudziulula, ndipo wotsatira kumangidwa ndikanakhala ine. Malume anatapa mpunga, nausunsa mumsuzi, nameza. Ankati panthawiyo anaganiza kuti palibe kanthu, afe onse awiri nkhani ithe. Ndiye Fanuwelo anatulukira kuseri kwa waya, nsagwada itamangidwa ndi chiguduli, atawonda ngati bango. Anamuuza kuti amjomba ako ndi awo. Iye anayang'ana munthu amene anamugulula mano, anayang'ana bakuli, kenaka anagwada pafumbi n'kutambasula manja awiri, monga mwana amalandirira kwa wamkulu.

Che Amidu anali atanyamula kale bakuli kuti alipititse. Malume analimenya ndi chibakera, mpunga mbwee pansi, n'kuyamba kuupondaponda akulira ngati ng'ombe. Posakhalitsa thovu linayamba kutuluka kukamwa. Anagwa, nasanza, thupi lonse likugwedezeka, chimbudzi chili m'thalauza. Amayi aja anathawa. Che Amidu anaingitsa nkhuku zimene zinayamba kuyandikira, nakwirira mpungawo ndi fosholo, n'kuthamangira ndi malume kuchipatala. Kwa omufunsa anangoti mlendo wina wadwala pageti. Patapita zaka anandiuza kuti munthu amene wadya yekha chimene anatchera mnzake waweruzidwa kale, choipa chitsata mwini.

Ine kunyumba ndinkadikira uthenga wa maliro a Fanuwelo, koma unabwera wakuti malume ali kayakaya. Tsiku lachitatu ndinawapeza atatsegula maso, dzanja likunjenjemera monga linachitira mpaka imfa yawo. Ndinkayembekeza kuti anditukwana.

"Bakuli lija sindinalimenye ndine," anatero ndi mawu osasa aja. "Anandigwira mkono ndi mnzanga uja. Ndiye wati anandimva ndikunama kuti ndine mjomba wake. Wati bodza limenelo ndilisenze mpaka kumanda."

Ndinaganiza kuti mankhwala awazunguza mutu. Koma atangotha kupalasa njinga anabwerera pageti lomwe lija ndi bakuli lina, analawa asanauzidwe, ndipo asilikali anawapatsa dzina. Anayamba ndi Fanuwelo yekha, kenaka ogona naye, kenaka ndende yonse. Mlandu utaweruzidwa, Fanuwelo anamutumiza kundende yaikulu ya kutali, ndipo malume ankakwera minibasi kamodzi pamwezi kumutsatira, bakuli lili pamiyendo.

Ine sindinawakhululukire. Ndinakana kuwaphikira, ndiye ankaphika okha, mpunga wamadzimadzi pamwamba, wopserera pansi, amuna anzawo akuwaseka. Bakuli lina ndinaliponya m'chimbudzi, iwo anagula lina. Ndinkawauza kuti mlandu suola, iwo n'kuyankha kuti chibale nachonso ndi fupa, sichiola, ine n'kufuula kuti chibale chake chiti, cha bodza la pageti? Amayi atamwalira ndinawanena pamaso pa anthu kuti mlongo wawo awapha ndi iwo, pokadyetsa wakupha mwana wawo. Anangoweramitsa mutu. Akanatha kunditseka pakamwa ndi liwu limodzi, koma zaka zonsezo sanauze munthu aliyense za amene anaphika. Mudzi unkadziwa kuti anagwa khunyu padzuwa. Zimenezi ndizo zinkandipweteka koposa, chifukwa n'kovuta kudana ndi munthu amene akukubisa.

Malume anamwalira Loweruka, panjira. Anyamata a kabaza anawapeza atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, atatsamira mtengo, njinga ili pambali, bakuli lidakali lomangidwa.

Fanuwelo anali atatuluka zaka zinayi m'mbuyomo ndipo ankasoka maukonde ku Chembe. Malume ankamuyendera kumeneko, koma anamuletsa kuponda ku Malindi. Tsiku loika maliro tinangoona bambo wa imvi zapatalipatali, wapakamwa popotoka, akulowa pabwalo n'kukhala pansi kumbali ya amuna. Mkulu wina atamufunsa, anayankha momveka ndithu.

"Ndine Fanuwelo. Ndabwera kudzaika amjomba anga."

Yakobo, mwana wa Andireya, amene anali wakhanda bambo ake pophedwa, ndiye anayamba. Analanda khasu la adzukulu okumba manda n'kumumenya ndi mpini pamsana. Anzake analumphira. Nyimbo za amayi zinaduka. Ndinamva mkono ukuthyoka ndili pakhonde, ndinaona akumukhwekhwereza mwendo kupita naye kumchenga, magazi ali chuchuchu m'khutu, ndipo wina anali atayamba kale kukoka petulo m'njinga yamoto ndi kapaipi, kuthira m'botolo. Fanuwelo sanaphimbe mutu ngakhale kamodzi. Ndisaname, kwa kanthawi mtima wanga unakondwa, chifukwa izi ndi zimene ndinalakalaka zaka makumi awiri. Kenaka ndinakumbukira kuti m'nyumbamo mwagona munthu amene anameza tameki wanga kuti ndisamangidwe, n'kutaya mpunga wanga kuti ndisakhale wakupha, ndipo ife tinkafuna kumuperekeza kumanda ndi utsi wa mphwake. Ndinathamanga n'kuima pamwamba pa Fanuwelo, mwendo uku, mwendo uku.

"Yakobo, ngati lero mukuotcha akupha, botolo limenelo muyambe kuthira ine."

Ndinanena zonse, tameki, kampango, thalauza ndi chitenje. Ena anati azakhali apenga ndi chisoni. Pamenepo Che Amidu, amene anapuma kale ntchito, anadzuka pakati pa amuna ndi mkanjo wake woyera, nati n'zoona, mpungawo anakwirira ndi iye. Yakobo anandiyang'ana nthawi yaitali, anaponya mpini pansi n'kulowera kunyanja, ndipo mpaka lero sandipatsa moni.

Titachoka kumanda palibe mayi anafuna kumupatsa chakudya Fanuwelo. Anali atagona pansi pa thandala, mkono atamumangira timitengo, akudikira galimoto yopita kuchipatala. Ndinatsuka bakuli la malume, ndinaikamo mpunga ndi msuzi wa nsomba, n'kupita nalo. Ndinagwada, ndinavundukula, ndinatapa kuti ndilawe. Iye anandigwira ndi dzanja lotsalalo.

"Musavutike, achemwali. Tsiku lija ndinadziwa chimene chinali m'bakuli, ndipo ndikanadya. Leronso ndidya."

Ndinalawabe. Malume ankati kulawa si kwa wodya, n'kwa wophika, kuti asapatse mnzake chimene iye sangameze. Tinadya bakuli limodzi, iye akutafuna ndi nkhama. Sindinena kuti ndinamukhululukira tsiku limenelo, chifukwa mutu wa Andireya ndimaumvabe m'zala zanga ndikamatumbula nsomba. Ubwenzi wa malume ndi Mulungu ine ndilibe. Ndimapemphera mwamantha, monga munthu wolowa muofesi ya eni ake. Koma ndinameza.

Loweruka lapitali ndinapita ku boma kukaonana ndi mmisiri wa chiliza, ndipo ndinamuuza kuti pansi pa Baranaba alembe Lawani, abale anene zimene anene. Pobwerera miyendo inanditengera pageti la ndende. Mzere unalipo monga kale, amayi ndi mabakuli awo okulunga m'nsalu, ena ana ali kumbuyo. Msilikali wake ndi mtsikana wobwera chaka chomwechino, malume sanawaonepo. Aliyense akafika kutsogolo, iye ankavundukula n'kunena, osayang'ana n'komwe, kuti lawani. Anatero kasanu ndi kawiri ndili chiimire, ndipo kasanu ndi kawiri ndinacheukira kumapeto kwa mzere. Pansi pa nimu panalibe munthu. Pamtengopo pali chipsera chosalala, pamene mahandulo a njinga ankakhula Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo khungwa layamba kutsekapo.